Sienta yanga yayamba kutentha pachitunda, ndingamaisamale ndekha pakhomo?

Funso lomwe tinalandira ndi ili: "Ndili ndi Toyota Sienta ya 2008 yomwe ndinaitanitsa ku Japan kudzera ku Dar es Salaam. Ndalama za sevisi zikundikulira nde ndikufuna ndizipanga ndekha kunyumba. Koma mwezi wathawu ndikuchokera kunyanja kanyali kofiira ka kutentha kanayaka ndikukwera Khwekhwelere, ndinaima n'kuthira madzi a m'botolo. Anzanga akuti ndichotse thermostat, ndiziika oyilo wolimba wa 20W-50, komanso kuti madzi a pampopi ndi okwanira mu radiyeta. Ndiyambire pati, ndipo zomwe akunenazi n'zoona?"

Achimwene, sevisi nokha pakhomo mungathe ndithu, Sienta si galimoto yovuta, ndipo ine zimandisangalatsa mwini galimoto akamafuna kudziwa zomwe zili pansi pa boneti yake. Koma ndiyamba ndi nkhani ya kutenthayo, chifukwa oyilo olo mutachedwa naye sabata ziwiri galimoto siifa, pomwe injini ikangowira kamodzi kokha mwamphamvu mutha kulowa m'ngongole yoti muzibweza chaka chonse. Malangizo atatu a anzanuwo musatsatire olo limodzi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake kuti mukakakumana nawo mukhale ndi choyankha.

Galimoto yanuyo ili ndi injini ya 1NZ-FE, ya 1500cc, yomweyonso imapezeka mu Probox, Ractis, Corolla za NZE ndi ma Vitz ena. Ndi injini yopirira, imayendera tcheni osati timing belt nde nkhawa yosintha lamba wamkati mulibe. Koma mutu wake ndi thupi lake ndi za aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ikatentha mopyola imapindika, gasket ya pakati pa mutu ndi thupi n'kupsa. Chovuta china n'chakuti galimoto zamtunduwu zilibe kamuvi kosonyeza kutentha, zili ndi tinyali tiwiri basi, kena kamayaka m'mawa injini ikadali yozizira, kena kofiirako. Nde kofiirako kakamayaka ndiye kuti zinthu zafika kale pena, simunaone zikukwera pang'onopang'ono. Zikadzachitikanso zimitsani AC pompopompo, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mphepo yake yonse olo kunja kukuwotcha, chifukwa hita imachotsako kutentha kwa injini, kenako pezani malo abwino oima n'kuzimitsa. Chitsekero cha radiyeta musachikhudze, madzi amene ali m'menemo ali ndi mphamvu ndipo amatumphuka kumaso ndi m'manja, anthu apsa moopsa ndi zimenezi. Dikirani mpaka payipi yaikulu yapamwamba itafewa ndipo mukutha kuigwira ndi dzanja. Madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri amathanso kung'alula mutu, nde kudikirako si kutaya nthawi.

Tsopano kufufuza. Pangani m'mawa galimoto isanalizidwe. Onani kachigubu koyera kapambali, madzi akhale pakati pa LOW ndi FULL, koma musakhutire ndi kachigubuko kokha, tsegulaninso chitsekero cha radiyeta muone ngati madzi afika m'khosi, chifukwa pena kachigubu kamakhala kodzaza pomwe radiyeta ili theka. Apa mfundo yoti muigwire ndi yakuti galimoto siimwa madzi. Ngati munathira botolo lonse pa Khwekhwelere paja ndiye kuti madziwo anatuluka penapake, kaya anadontha kaya anawira n'kutayikira kunja. Yalani katoni pansi pa injini usiku, m'mawa muone pomwe yanyowa. Yang'anani pamwamba pa radiyeta pomwe pulasitiki yakuda imakumana ndi chitsulo, pulasitiki ija ikakalamba imasanduka yabulawuni n'kuyamba timing'alu tating'ono toti timangotseguka injini ikatentha. Finyani mapayipi onse awiri, yapamwamba ndi yapansi, ngati ili yofewa kwambiri, yotupa pafupi ndi kilipi, kapena ikumveka kukhukhuluza mkati, yatha imeneyo.

Kenako tengani tochi muunike mbali yomwe kuli lamba, kumanja kwa galimoto mukakhala pampando wa dalaivala. Pansi pa alternator, chipangizo chomwe chimatchaja batire, pali pampu ya madzi. Pa injini zimenezi pampuyi ikamatopa siyamba ndi kudontha koti muone pansi ayi, mumangoona tizinthu touma tapinki kapena toyera titamatirira kuseri kwa pule yake, pena timadontho touma titamwazikira pambali ndi kunsi kwa boneti poti lamba amatimwaza akamazungulira. Injini ili chizimire gwirani puleyo muigwedeze, ikamasewera kapena ngati galimoto ikamalira mumamva kaphokoso kokhukhuluza kuchokera pamenepo, pampu yapita. Lamba yemweyo muoneni, akhale wopanda ming'alu komanso wosakhwepa.

Chitsekero cha radiyeta anthu amachipeputsa koma ndi chimodzi mwa zinthu zotchipa zomwe zimawiritsa galimoto. Madzi amawira pa 100°C m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma kumtunda ngati ku Dedza, komwe kuli pafupifupi mamita 1,600, amawira cha m'ma 95°C. Injini yabwinobwino imagwira ntchito madzi ake ali cha m'ma 85 mpaka 95, nde mukuona kuti mpata ndi wochepa kwambiri. Chomwe chimapulumutsa ndi sipuling'i ya m'chitsekero chija, imapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120°C. Mphira wake akauma kapena sipuling'i ikafooka, pamsewu wosalala simuona kanthu, koma pachitunda madzi amawira n'kuthawira m'kachigubu mpaka kusefukira. Pamwamba pa chitsekerocho palembedwa nambala, 0.9 kapena 1.1, gulani cha nambala yomweyo.

Pali kusiyana komwe kumathandiza kwambiri. Galimoto yomwe imatentha ili pamzere, mwina pa filling station kapena m'tauni nthawi yoweruka, koma ikamathamanga n'kumazizira, kawirikawiri vuto ndi fani. Kuyesa kwake n'kosavuta, lizani galimoto, yatsani AC, fani iyenera kuyamba kuzungulira, ikapanda onani fyuzi ndi relay m'kabokosi kakuda ka mu boneti musanaganize zogula mota. Yanuyi inatentha ikukoka pachitunda, nde ine ndingakayikire kwambiri madzi ochepa, chitsekero, thermostat yosatseguka mokwanira, kapena radiyeta yotsekeka. Kutsekekako kuli pawiri, mkati ndi kunja. Kunjaku anthu ambiri sayang'ana, kutsogolo kwa radiyeta kuli china chofanana nayo cha AC, ndipo pakati pa ziwirizi pamadzaza fumbi, njere za udzu, tizilombo ndi timapepala mpaka mphepo osadutsa. Tsukani ndi madzi a payipi osathamanga kwambiri kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, madzi amphamvu a ku car wash amapinda tizitsulo topyapyala tija.

Nkhani ya thermostat ndiima nayo pang'ono chifukwa ndi chikhulupiriro chomwe chazika mizu kuno, akuti thermostat ndi ya kumaiko ozizira. Ku Japan nakonso kumatentha kwambiri mu July ndi August, ndipo galimoto za Toyota zogulitsidwa zatsopano kuno ku Africa zimabweranso ndi thermostat. Ntchito yake ndi yoti injini ifunde msanga kenako ikhale pa kutentha kumodzimodzi, imayamba kutseguka cha pa 82°C. Mukaichotsa, m'mawa wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu injini imatenga nthawi yaitali isanafunde, kompyuta ya galimoto imaona ngati ikadali yozizira nde imapitiriza kuthira petulo wambiri, petulo winayo amatsukuluza oyilo m'makoma a masilinda n'kutsikira mu oyilo, injini n'kumadyeka mwakachetechete kwinaku inu mukudandaula kuti galimoto ikumwa. Ndipo pa injini yanuyi pali chinanso, thermostat yake ili ndi kambale kumbuyo komwe kamatseka njira yachidule ya madzi ikatseguka. Popanda thermostat njira yachiduleyo imakhala yotsegula nthawi zonse, madzi ena otentha amangozungulira mu injini osapita ku radiyeta, ndiye kuti pachitunda pomwe mukufuna thandizo ndi pomwe galimoto ingatenthe kwambiri. Anthu amene amati "titachotsa inasiya kuwira" sakunama, koma n'chifukwa choti thermostat yawoyo inali itafa ili chitsekere, mankhwala ake anali kuika yatsopano.

Kusintha kwake mungathe. Tsatirani payipi yapansi ya radiyeta mpaka pomwe yalowa mu injini, pali kachigoba komangidwa ndi manati awiri a 10. Mukaitulutsa iyeseni mumphika wa madzi pamoto, iyambe kutseguka madzi asanawire ndipo akamayandikira kuwira ikhale itayasama bwino. Ikangokhala duu kapena kungotseguka pang'ono, itayeni. Poika yatsopano ikani ndi mphira wake watsopano, ndipo kachitsulo kakang'ono kolendewera m'mphepete mwake kayang'ane kumwamba, ndi komwe kamatulutsa mpweya. Mwinanso mupeza kuti mulibe thermostat, wina anachotsa kale, zimachitika.

Za madzi a pampopi kapena a pamjigo, ingoyang'anani pansi pa ketulo yanu yowiritsira madzi, zoyera zolimba zomwe zamatirira m'menemo ndi zomwezo zimamatirira m'timapayipi ta radiyeta, ndipo timapayipito ndi topyapyala kwambiri. Kuwonjezera apo madzi okha amadya aluminiyamu, amachititsa dzimbiri, komanso amawononga seal ya pampu. Coolant, madzi a mankhwala opangidwira radiyeta, si wongoteteza kuti madzi asaume ndi chisanu, muli mankhwala oletsa dzimbiri ndipo amakweza mlingo wowirira. Galimoto yanu inachoka ku fakitale ndi coolant wapinki wa Toyota, yemwe amagulitsidwa wosungunula kale. Mukagula wamtundu wina werengani pachigubu, ngati ndi wosasungunula sakanizani theka ndi theka ndi madzi a batire omwe amagulitsa m'mabotolo aja, osati asidi chonde, madzi oyera aja. Musasakanize wobiriwira ndi wapinki mwachisawawa, ngati simukudziwa chomwe chili m'katimo khutulani zonse muyambirenso. Pangozi panjira madzi alionse oyera ndi bola kusiyana n'kuyenda opanda madzi, nde munachita bwino kuthira, kungoti asagonere m'menemo miyezi.

Kukhutula kwake, injini ili yozizira, pansi pa radiyeta pali kabawuti kapulasitiki komasula ndi dzanja, tcherani beseni. Madzi akatuluka abulawuni thirani oyera, lizani mpaka ifunde, dikirani izizire, khutulaninso, mpaka azituluka oyera. Pothira coolant watsopano thirani pang'onopang'ono, hita ikhale pa HOT, lizani injini chitsekero chili chotsegula, muzifinya payipi yapamwamba kuti mpweya utuluke, muona thovu likutuluka madzi n'kumatsika, muziwonjezera. Payipi yapamwamba ikatentha ndipo hita ikutulutsa mphepo yotentha, tsekani, dzazani kachigubu mpaka pa FULL, ndipo m'mawa mwake muonenso chifukwa amatsikako. Mpweya wotsalira mkati umatha kutenthetsa galimoto yomwe ilibe vuto lina lililonse. Coolant wakaleyo ndi poizoni ndipo amatsekemera, agalu, nkhuku ngakhale ana amatha kumwa, nde musamusiye m'beseni pabwalo kapena m'botolo la zakumwa.

Koma pali zizindikiro zoti mukaziona zapakhomo zathera pomwepo. Ngati thovu silikusiya kutuluka m'khosi mwa radiyeta olo patapita nthawi, ngati payipi yapamwamba ikulimba gwa patangopita kanthawi kochepa mutaliza injini yozizira, ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wambiri wosatha injini itafunda kale, ngati madzi akutha koma katoni ija ili youma, kapena kunsi kwa chitsekero cha oyilo kuli zonanda zotuwira ndipo oyilo pandodo yoyezera wasintha mtundu, n'kutheka kwambiri kuti gasket ya mutu yapsa. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa, mutu umafunika kukayezedwa ngati sunapindike, mabawuti ake amamangidwa motsatira ndondomeko ndi muyezo. Musalole zothira mazira kapena mankhwala omata mu radiyeta, zimatseka timapayipi tomwe tinatsala tabwino.

Tibwere ku oyilo. Ku Japan injini imeneyi imayendera 0W-20 kapena 5W-30, ndipo kwa ife kuno ndi kutentha kwathu komanso makilomita omwe galimotozi zimabwera nawo ine ndimalangiza 5W-30, mukasowa 10W-30. Oyilo wa 20W-50 ndi woyenera injini zakale za mipata ikuluikulu. Yanuyi ili ndi VVT-i, kachipangizo kosintha nthawi yotsegulira mavalavu, ndipo kamayendera oyilo wodutsa m'tinjira tating'ono ndi kasefa kakang'ono. Oyilo wolimba m'mawa amachedwa kufika kumtunda, nthawi yomwe injini imadyeka kwambiri, mumamva tcheni ikuchita phokoso mukangoliza, petulo nayenso amapita wambiri. Komanso oyilo wolimba sachiza kutentha olo pang'ono. Toyota ku Japan imati oyilo asinthidwe pa makilomita 15,000 kapena chaka, koma galimoto yoyenda movutikira pa 7,500 kapena miyezi 6. Fumbi lathu, misewu yadothi, maulendo afupiafupi ndi mizere, zonsezo ndi movutikira, nde chizolowezi chathu cha 5,000 ine ndimagwirizana nacho. Ndipo muzisolola ndodo yoyezera sabata iliyonse, injini zokalamba zimadyako oyilo, kanyali ka oyilo kakamayaka ndiye kuti zawonongeka kale zambiri.

Musanalowe pansi pa galimoto ndimvereni bwino apa. Jeke yomwe inabwera ndi galimoto ndi yosinthira tayala basi, munthu salowa pansi galimoto ili pa jeke yokha. Njerwa ndi mabuloko a simenti nazonso ayi, zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda chenjezo. Gulani ma stand awiri achitsulo, kapena kwezani matayala akutsogolo pa matabwa okhuthala, aakulu bwino, ogonekedwa pansi. Malo akhale olimba ndi osatsetsereka, giya pa P, handibuleki yomangidwa, miyala kapena zipika kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Mukakweza igwedezeni galimotoyo mwamphamvu muone ngati yakhazikika, ndipo pakhale munthu wina pafupi. Ana atalikire.

Lizani injini mphindi 5 kuti oyilo afunde, osati kutentha. Bawuti yokhutulira ili pansi pa sampu, chibeseni cha oyilo cha kunsi kwa injini, ndi ya 14, gwiritsani sipanala yozungulira mutu wonse osati yotsegula kukamwa kapena bobojani, zimenezo zimadya makona. Onetsetsani kuti ndi ya injini osati ya giyabokosi, alipo amene anakhutula mafuta a giyabokosi n'kuthira oyilo wina pamwamba pa wakale mu injini. Ikakhwepa malizani ndi zala mukuikankhira mkati, pomaliza n'kuichotsa msanga, ndipo beseni muliike motalikirako pang'ono chifukwa poyamba oyilo amatuluka mothamanga cham'mbali kenako ndi pomwe amayamba kugwa molunjika. Akasiya kudontha pukutani, ikani washala yatsopano, yambani kumanga ndi zala kuti mazinga alowe bwino, kenako sipanala mongolimbitsa, osati kuponda ndi phazi. Fyuluta ili kutsogolo chakunsi kwa injini. Mukaimasula yang'anani pamwamba pake ngati kamphira kakuda kozungulira katuluka nayo limodzi. Pena kamatsalira kokakamira pa injini, ndipo mukamanga yatsopano pamwamba pa kakaleko zimaoneka bwinobwino pakhomo, koma panjira oyilo yense amathera pansi m'mphindi zochepa. Pakani kamphira ka yatsopanoyo oyilo ndi chala, mangani ndi dzanja, kakakhudza onjezerani pang'ono kupitirira theka la kuzungulira, basi. Thirani malita 3.5, lizani, kanyali ka oyilo kazime m'masekondi ochepa, suzumirani pansi ngati sipakudontha, zimitsani, dikirani mphindi 5 galimoto ili pansi pofanana, yezani n'kuwonjezera mpaka kadontho kapamwamba. Yonse imalowa pafupifupi malita 3.7. Kupitiriza mlingo nakonso n'koipa. Oyilo wakudayo muthireni m'chigubu chomwe chatha chija mukasiye kugalaja, musathire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

Fyuluta ya mpweya ndi yophweka, makilipi awiri basi, ndipo kwathu kuno ndi imene imagwira ntchito yaikulu makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa. Iunikeni padzuwa, kuwala kukapanda kudutsa sinthani, musaichape. Pukutani m'kabokosi mwake ndi kansanza konyowa ndipo potseka onetsetsani kuti yakhala bwino m'mphepete monse, kampata kakang'ono kamalowetsa fumbi lomwe limakadya injini. Pafupi pomwepo pa payipi ya mpweya pali sensa yomangidwa ndi tisikuluwu tiwiri, mkati mwake muli tiwaya topyapyala toyeza mpweya. Tikada galimoto imafooka ndi kumwa petulo. Pali sipuleyi yake yapadera yotsukira, mumangopopera n'kusiya kuti iume, osakhudza ndi chala, nsalu kapena burashi.

Mapulagi sinthani injini ili yozizira. Chotsani chivundikiro chapulasitiki, koyilo iliyonse ili ndi bawuti ya 10, pulagi imamasulidwa ndi soketi yaitali ya 16. Musanamasule uzirani fumbi lituluke m'dzenjemo, ndipo mukapezamo oyilo ndiye kuti gasket ya chivundikiro cha pamwamba yatopa. Chenjezo ndi lakuti ma 1NZ onse sagwiritsa mapulagi ofanana, ena ndi a mazinga aatali ena aafupi, nde pokagula tengani yakale m'manja pamodzi ndi nambala ya chassis. Poika yambani ndi zala, ikamalimba isanapite patali bwererani, chifukwa mazinga a mu aluminiyamu akawonongeka ndi nkhani ina. Mapulagi enieni a iridium a Denso kapena NGK amatha kuyenda mpaka makilomita 100,000, sasowa kusintha sevisi iliyonse, sapalidwa ndi sandipepa. Koma achinyengo achuluka, mabokosi ake okongola zedi, nde mukaona mtengo wotsika modabwitsa kayikirani, chimodzimodzi mafyuluta ndi oyilo wopungulira m'mabotolo. Pezani shopu imodzi yodalirika muzigula komweko ndi lisiti.

Batire silivuta. Pomasula yambani ndi waya wa minus, pomanga malizani ndi yemweyo. Ufa woyera kapena wobiriwira pamitu tsukani ndi madzi ofunda osakaniza soda, mangani molimba. Mutakhala ndi kamita kotchipa, batire labwino limawerenga cha pa 12.6 galimoto itagona, ndipo injini ikamalira pakati pa 13.5 ndi 14.5. Zija zozula waya wa batire injini ikulira poyesa alternator zinali za galimoto zakale, pa yanuyi mutha kuwotcha kompyuta. Za petulo ndingonenako pang'ono, wathuyu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi, nde petulo wokhalitsa m'zigubu zosatseka bwino amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Pampu ya petulo ili m'thanki momwemo ndipo imazizira ndi petuloyo, kuyenda ndi kanyali ka petulo tsiku ndi tsiku kumaifupikitsa moyo.

Giyabokosi musaiyambe dala. Onani kachitsulo ka nambala ya chassis, ngati yayamba ndi NCP81 galimoto yanu ndi ya CVT, NCP85 ndi ya 4WD yomwe ili ndi automatic wamba. CVT imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri ndipo imafuna mafuta akeake, a Toyota olembedwa CVT Fluid TC. ATF, mafuta ofiira a automatic wamba, amachititsa lamba uja kuterereka, ndipo mafuta olakwika amapha CVT. Ambiri alibe ndodo yoyezera, mlingo wake umayezedwa pa bawuti yapadera mafuta ali pa kutentha kwakutikwakuti, galimoto ili yowongoka. Kusintha n'kofunika ndithu, koma pitani kwa amene amazidziwa, mafutawo mugule nokha ndipo muone akuthira.

Mabuleki muziwayang'ana nokha koma kukonza yambani mwaonerera kaye kwa wodziwa. Mukachotsa tayala lakutsogolo ma pad amaoneka, akatsala mamilimita 3 konzekerani kusintha, musadikire chitsulo chilire. Kumbuyo kuli ma drum, m'menemo muli masipuling'i ovuta kubwezera, asiyireni amakaniko. Mafuta a mabuleki ndi DOT 3, amayamwa chinyezi pakapita nthawi nde amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse, chifukwa mafuta a madzi amawira pamtsetse wautali buleki n'kungolowa pansi. Potsika Khwekhwelere, Chiweta kapena phiri la ku Chikwawa ikani giya pa B kuti injini izigwira galimoto, osangoponda buleki njira yonse. Mlingo wa mafutawo ukatsika msanga pali podontha, galimoto isayende. Matayala yezani mpweya ali ozizira motsatira kapepala komata pakhomo la dalaivala, ndipo mukamanga manati a tayala muzimanga modumphadumpha osati motsatana, n'kudzawayesanso mutayendako pang'ono.

Zida zoyambira sizambiri, masipanala ndi masoketi a 8, 10, 12, 14 ndi 17, soketi ya mapulagi, chomasulira fyuluta, pulayala, masikuludalaiva, fanelo, beseni, tochi ndi ma stand aja. Foni yanu ndi chida chachikulu, jambulani chilichonse musanamasule kuti pobwezera musasokoneze. Sungani kabuku m'galimoto muzilemba tsiku, makilomita, oyilo amene mwathira ndi chomwe mwasintha, kamathandiza makaniko komanso tsiku lomwe mudzagulitse galimotoyo.

Loweruka likubwerali yambani ndi katoni, tochi, chitsekero chatsopano, kutsuka radiyeta kunja, thermostat ndi coolant, oyilo abwere pambuyo. Mukatha iyeseni kaye pa chitunda chapafupi ndi kwanu musananyamule banja ulendo wautali, ndipo muzionanso madzi m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu. Akamatsikabe koma podontha simukupaona, pitani kugalaja mukapemphe kuti apope radiyeta ndi pampu yoyezera kudontha, komanso ayeze ngati utsi wa injini ukulowa m'madzi, asanamasule china chilichonse. Akakuuzani kuti radiyeta yatsekeka mkati, ya pulasitiki yokalamba ngati imeneyo bola kugula ina kusiyana n'kuitsegula ndi kuimatanso, ndipo chilichonse chomwe asintha muwapemphe akupatseni chakalecho muchione.